Timu zathu za njinga: tisinthe ndani 16 Febuluwale isanakwane? (Zokambirana za pagulu kumayambiriro kwa Febuluwale 2025, pa masewera amene aliyense amasankha timu ya akatswiri opalasa njinga n'kumapeza mapointi iwo akachita bwino m'mipikisano yeniyeni.)

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Mapointi a mipikisano ya Tour Down Under (ku Australia) ndi AlUla Tour (ku Saudi Arabia) ndalowetsa, tebulo lili pamwambapo. Che Kabaza ndi amene akutsogola, ndipo atisiya patali ndithu. Ndikukumbutseni lamulo: aliyense ali ndi anyamata 10, ndalama zoseweretsa 100, ndipo mutha kusintha awiri okha pofika Lamulungu pa 16 Febuluwale, chifukwa mawa lake UAE Tour ikuyamba. Tikatseka pamenepo ndi mpaka mpikisano wa Liège, ku Belgium, pa 27 Epulo. Womaliza amagulira wopambana bandulo ya mwezi, monga chaka chatha. Ndiye tiyeni, mukuyembekezera chiyani kwa anyamata anu?

Che Kabaza: Ine ndikuyembekezera bandulo basi kkkk. Ku Tour Down Under Welsford wapambana zigawo zitatu, Narváez mpikisano wonse. Munkandiseka mu Januwale muja kuti ndagula anthu osadziwika.

Gogo Chitunda: Mwana wanga, sangalala lero, koma usaitanitse bandulo. Welsford yemweyo chaka chatha anapambananso zigawo zitatu ku Adelaide. Atafika ku Ulaya tinamumvanso kangati pamsewu? Chachikulu chomwe anachita pambuyo pake ndi golide wa Olimpiki ku Paris, koma uja anali wa m'bwalo, masewera athu sawerengera. Anthu a ku Australia mu Januwale amakhala ali m'chilimwe chawo, angochita kumene mipikisano ya dziko lawo, miyendo ili yotentha. Anzawo a ku Belgium amatsika ndege akuchokera m'chisanu, thupi likadali tulo.

Che Kabaza: Agogo, pointi ya Januwale ndi ya Epulo pa tebulo zimafanana.

Gogo Chitunda: Zimafanana, koma zako za Januwale walandira kale. Funso la Mlembi ndi lakuti kuyambira lero akupatsanso chiyani. Ku UAE Tour kumapita masprinta enieni, aja aliwiro la kumapeto kwa mpikisano. Merlier, amene chaka chatha anapambana ka 16, wangotenga zigawo ziwiri ku AlUla. Milan wa Lidl-Trek. Philipsen. Welsford wakoyo pakati pa amenewo adzaona misana.

Mayi a Tadala: Ine za Narváez ndi zimene zikundiwawa. Ndinadzuka 4 koloko m'mawa Loweruka lija kuti ndione chigawo cha pa phiri la Willunga Hill, paja Adelaide ali patsogolo pathu ndi maola asanu ndi atatu ndi theka. Madzi a tiyi ndateleka, magetsi thii. Ndatenga foni, ndakhala pa mpando wa kukhitchini nditafunda chitenje, ndikuonera. Atangoyamba kukwera kachiwiri bandulo inatha. Ndinamva kwa Che Kabaza pagulu pano kuti wapambana, ndipo munthuyo mu timu yanga mulibe. Ndinamuchotsa tsiku lomaliza kuti ndikwanitse kugula Remco Evenepoel.

Che Kabaza: Pepani achemwali kkkkk. Mwalipira kawiri.

Mlamu wa ku Leeds: Koma pa Narváez ndikuchenjezeni Che Kabaza. Munthuyo ndi wabwino, tonse tinaona mmene anamudutsira Pogačar ku Turin pa chigawo choyamba cha Giro, mpikisano waukulu wa ku Italy, chaka chatha. Koma nthawi imeneyo anali wa timu ya Ineos. Pano wasamukira ku timu ya UAE, ndiye kuti bwana wake ndi Pogačar yemweyo. Ku Australia anamupatsa ufulu chifukwa abwana kunalibe. Ku mpikisano wa San Remo ntchito yake idzakhala kukokera abwana (kupalasa kutsogolo kwawo kuwatchinga mphepo) pa chitunda cha Cipressa mpaka mpweya kutha, kenako n'kupatuka. Wokoka sapeza pointi.

Che Kabaza: Ndiye mukuti ndigulitse onse awiri amene andiika pamwamba?

Mlamu wa ku Leeds: Welsford inde, lero lomwe. Narváez musunge, ndi wotchipa, ndipo mipikisano ya pamiyala ya ku Belgium amaitha.

Mphwanu wa ku Joni: Akuluakulu ndifunse nawo. Ine Pogačar ndilibe. Mlembi anamuika pa 32, ndinaona kuti kumeneko ndi kuba. Pano mtima sukukhazikika. Kuti ndimugule ndiyenera kutaya Vingegaard ndi Pedersen, n'kutenga kamnyamata ka 3. Nditero?

Mlembi: Si kuba ayi mphwanga. Munthu wopambana ka 25 m'chaka chimodzi, Giro, Tour de France ndi mpikisano wa dziko lonse ku Zürich, ndimuike pa zingati?

Gogo Chitunda: Tenga pepala ulembe kumene akupita, usayang'ane dzina. Pogačar: UAE Tour, kwawo kwa eni timu, ndipo kuli mapiri awiri, Jebel Jais ndi Jebel Hafeet. Strade Bianche pa 8 Malichi, komwe chaka chatha anathawa yekha patatsala makilomita 81. San Remo pa 22 Malichi, kumene wakhala wachisanu, wachinayi, kenako wachitatu zaka zitatu zapitazi. Flanders pa 6 Epulo, anapambanako mu 2023. Kenako za ku Ardennes mpaka Liège. Pa yonseyi ndiuze umodzi umene ungalumbire kuti sakhala m'gulu la atatu oyamba.

Mphwanu wa ku Joni: San Remo mwina.

Gogo Chitunda: Mwina. Tsopano lemba za Vingegaard. Algarve, Paris-Nice, Catalunya. Mipikisano itatu ya masiku angapo, uliwonse uli ndi pointi za zigawo ndi za pamapeto. Chaka chatha asanagwe ku Basque mu Epulo anali atasesa kale O Gran Camiño ndi Tirreno. Ndiye si munthu wotaya. Vuto lako si Vingegaard, ndi lakuti ukufuna kutaya anthu awiri olimba kuti upeze mmodzi.

Mlamu wa ku Leeds: Apa ine nditsutsana ndi agogo pang'ono. M'masewera ngati awa chofunika si pointi zako zokha, ndi zimene anzako ali nazo iwe ulibe. Pagulu pano tilipo 11, Pogačar ali m'timu 8. Akapambana, anthu 8 akwera limodzi, palibe wadutsa mnzake. Akagwa, Mulungu aletse, atatu opanda iye ndi amene aseka. Mphwanga, ngati cholinga chako ndi kuthawa kugula bandulo, mugule. Ngati ukufuna kupambana, khala momwemo upemphere.

Mayi a Tadala: Alamu, kupempherera mwana wa eni kuti agwe chifukwa cha bandulo?

Mlamu wa ku Leeds: Sindinatero kkk. Chimfine chabe, cha masiku atatu.

Mphwanu wa ku Joni: Ndikhala momwemo. Pedersen sindingamutaye, Gent-Wevelgem chaka chatha anamugonjetsa Van der Poel maso ndi maso, ndipo uyu amayamba kupambana Febuluwale yemweyu kukadali mvula ku France. Sasankha mpikisano.

Mayi a Tadala: Chabwino, za ine tsopano. Remco ndimutani? Ndinamugula ndikudziwa kuti wavulala, ndinkati achira msanga. Paja pa 3 Disembala anawombana ndi chitseko cha galimoto ya positi akuyeserera pa njinga. Nthiti, fupa la phewa, dzanja, zonse zinathyoka. Pano akuti abwerera pakati pa Epulo.

Gogo Chitunda: Mayi, ndalama 16 mwazikwirira pansi. Ngakhale abwere pa tsiku lomwe akunenalo, akupatsani mipikisano itatu kapena inayi, ndipo pa Liège akakumana ndi Pogačar ali ndi miyezi iwiri ya mpikisano m'miyendo.

Mayi a Tadala: Koma Liège anapambanako kawiri, 2022 ndi 2023. Ndipo munthu wotenga golide awiri ku Paris sabata imodzi si wamba.

Mlamu wa ku Leeds: Palibe akukana. Mu gawo lachiwiri, Tour ikamayandikira, tonse tidzamulimbirana. Koma pano 16 imeneyo ikugulirani Jorgenson ndi chenji. Paris-Nice anapambana chaka chatha, Remco yemweyo ali wachiwiri, patapita milungu iwiri ndi theka n'kutenganso Dwars door Vlaanderen. Munthu wokwera phiri komanso wodziwa miyala, ndi osowa amenewo.

Mayi a Tadala: Ku Paris-Nice chaka chino sakakhala wantchito wa Vingegaard?

Mlamu wa ku Leeds: Mwandigwira. Inde, ngoziyo ilipo.

Gogo Chitunda: Ndiye tengani Ayuso. Tirreno akupita ngati mtsogoleri, Pogačar kulibe, Vingegaard kulibe. Chaka chatha anali wachiwiri kumeneko ndipo anapambana Basque. Akukonzekera Giro, afuna kuonetsa msanga kuti timu imudalire.

Mayi a Tadala: Mtima ukukana koma mutu wamva. Remco apite, Ayuso abwere. Mlembi musalembe kaye, ndigone nazo.

Che Kabaza: Tikukamba za azungu okhaokha. Biniam Girmay wa ku Eritrea bwanji? Ine ndili naye ndipo sindimugulitsa ngakhale mundimange.

Mlembi: Biniam ali m'timu 10 pa 11. Kuposa Pogačar. Amene alibe ndi agogo okha.

Mayi a Tadala: Agogo, manyazi mulibe?

Gogo Chitunda: Ana inu, tsiku lija la ku Turin mu Julayi, pamene anapambana chigawo chachitatu cha Tour, ine ndinakuwa mpaka agogo anu aakazi anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kuganiza kuti kwagwa maliro. Munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana chigawo cha Tour, kenako zina ziwiri, kenako jezi yobiriwira ya wotsogola pa mapointi mpaka kumapeto ku Nice. Chithunzi chake chili pa foni yangayi. Koma timu ndimasankha ndi pensulo. Mlembi wamukweza kufika pa 12 chifukwa cha Julayi, pamene ife tikusewera Malichi ndi Epulo. Taonani miyezi imeneyi m'mbuyomu. 2022, zoona, Gent-Wevelgem. 2023 anagwa koopsa ku Flanders n'kukagona kuchipatala. 2024 anagwa pa Dwars door Vlaanderen, ngozi yomwe ija inathyola Van Aert. Si kulakwa kwake, koma mipikisano ya pamiyala imafuna timu yokuika kutsogolo msewu usanapanikize, ndipo timu yake, Intermarché, ndi ya thumba laling'ono.

Che Kabaza: Thumba laling'ono lomwelo ndi limene linatenga jezi yobiriwira pamaso pa Philipsen ndi sitima yake yonse.

Gogo Chitunda: Zoona zimenezo.

Che Kabaza: Ndipo San Remo ndi mpikisano wake. Makilomita pafupifupi 290, Poggio si phiri loti lingamusiye, akafika pa Via Roma ndi kagulu kochepa ndani angamudutse?

Mlamu wa ku Leeds: Zikanakhala zaka khumi zapitazo ndikanavomera. Pano UAE imakwera Cipressa ngati akuthawa njuchi, cholinga chawo n'choti aliyense wothamanga kumapeto atsale. Chaka chatha Philipsen anapulumuka chifukwa Van der Poel, atavala jezi ya dziko lonse, anadzipereka kumukokera. Biniam amukokera ndani pamenepo?

Che Kabaza: Adzikokera yekha. Ife pa kabaza amatikokera ndani, thumba la chimanga lili kumbuyo?

Mayi a Tadala: Kkkkk yankho limenelo ndalikonda. Ine ndili naye ndipo akhala. Sindingaonere Gent-Wevelgem ndikufunira zoipa mwana wa ku Asmara chifukwa ali m'timu ya mnzanga.

Gogo Chitunda: Imeneyo ndiye mfundo yokhayo yomwe sindingatsutse.

Mphwanu wa ku Joni: Pa nkhani ya kwathu kuno, Pidcock mwamuona? Zigawo ziwiri ndi mpikisano wonse ku AlUla, mpikisano wake woyamba ndi Q36.5. Timu imeneyo mkulu wake ndi Doug Ryder wa kuno ku South Africa, yemwe uja wa MTN-Qhubeka, timu imene Daniel Teklehaimanot anavalira jezi ya madontho ya wotsogola pokwera mapiri ku Tour ya 2015. Anzanga amene ndimapalasa nawo Loweruka akumutenga ngati wawo.

Mlembi: Pidcock palibe amene anamugula. Ndinamuika pa 8 chifukwa cha mkangano wake ndi Ineos, paja anamuchotsa pa mndandanda wa Lombardia kutatsala masiku ochepa.

Gogo Chitunda: Uyu ndiye ndikumugula ine.

Che Kabaza: Aaa agogo! Welsford wanga mwati za Januwale n'zonama, Pidcock wapambana sabata yotsatira m'chipululu mopanda akuluakulu, ameneyo ndiye woona?

Gogo Chitunda: Sindikumugulira AlUla. Ndikumugulira kuti ku Ineos anali mmodzi mwa ambiri, kuno ndi tambala yekha m'khola. Mpikisano uliwonse timu yonse ikugwirira iye. Ndipo kumene akupita amakudziwa: Strade Bianche anapambana mu 2023, Amstel chaka chatha. Misewu ya fumbi ya ku Siena kwa munthu wa golide awiri a Olimpiki pa njinga ya m'mapiri ndi pakhomo. Welsford zake zabwino zadutsa, uyu zake zikubwera.

Mlamu wa ku Leeds: Chenjezo limodzi. Q36.5 si ya WorldTour, gulu la timu zapamwamba, imadikira kuitanidwa. Koma ndi dzina la Pidcock okonza mipikisano ambiri sangaikane. Kuno kwawo ku Leeds, m'shopu ya njinga imene ndimakonzetsa yanga, makaniko amati mnyamatayo akakwiya ndi pamene amathamanga. Chaka chino wakwiya.

Mayi a Tadala: Ndiye pa 16 ya Remco nditha kutenga Pidcock ndi wina wa 8, m'malo mwa Ayuso yekha.

Mlembi: Mutero mukhala mwagwiritsa ntchito kusintha konse kuwiri, ndipo kupatula Remco winanso ayenera kutuluka kuti mukhalebe 10.

Mayi a Tadala: Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikhala pa Ayuso.

Mphwanu wa ku Joni: Van der Poel dzulo mwamuona ku Liévin? Kachisanu ndi chiwiri kukhala katswiri wa dziko lonse wa cyclo-cross, mpikisano wa m'matope uja, wafanana ndi Erik De Vlaeminck. Van Aert wachiwiri, ndipo anayambira kumbuyo.

Mlamu wa ku Leeds: Ndinaonera. Koma pa masewera athu Van der Poel amandiopsa mtengo. 20 kwa munthu amene chaka chatha nyengo yonseyi anapalasa mipikisano isanu ndi iwiri yokha.

Gogo Chitunda: Isanu ndi iwiri, inde. E3 woyamba, Gent-Wevelgem wachiwiri, Flanders woyamba, Roubaix woyamba atathawa yekha makilomita 60 n'kusiya anzake ndi mphindi zitatu, Liège wachitatu. Mlenje wopita kutchire kasanu ndi kawiri n'kubwera ndi nyama kasanu, umamufunsa chifukwa chake sapita tsiku lililonse?

Mlamu wa ku Leeds: Chaka chatha ku Flanders kunalibe Pogačar, kunalibe Van Aert. Chaka chino onse alipo. Mu 2023 pa chitunda cha Oude Kwaremont tinaona mmene Pogačar anamusiyira.

Gogo Chitunda: Anakhala wachiwiri, n'kupambana Roubaix sabata yotsatira, San Remo ali atatenga kale. Wachiwiri ali ndi pointi zake. Ine ndili naye limodzi ndi Pogačar, 52 pa anthu awiri, otsalawo ndi a m'kaunjika.

Mayi a Tadala: Van Aert ine ndimamumvera chisoni kuposa kumudalira. Chaka chatha mu Malichi anathyoka phewa ndi nthiti, wabwerera, watenga zigawo zitatu ku Vuelta, kenako bondo pa chigawo cha 16. Flanders ndi Roubaix sanapambanepo ndipo zaka zakwana 30. Ali m'timu yanga chifukwa bambo a kunyumba amamukonda, ndikamuchotsa kuno sikudyedwa nsima.

Mlembi: Za m'kaunjika zomwe agogo anenazo ndi zimene ndimafuna tikambe, chifukwa chaka chatha wopambana anapambanira anthu a 2 ndi 3. Ndikupatseni kachinsinsi ngakhale ndikudzipweteka. Chaka chino ndi chomaliza pa zaka zitatu zowerengera pointi za UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga, 2023 mpaka 2025, ndipo timu 18 zapamwamba ndi zimene zipeze malo mu WorldTour. Astana ili pansi pa mzere. Yapeza ndalama kwa kampani ya njinga ya ku China, XDS, yagula gulu la anthu odziwa kusonkhanitsa pointi: Ulissi, Higuita, Poels, Teunissen, Champoussin. Timu yotere siikokera munthu mmodzi, imafuna atatu m'gulu la khumi oyamba pa kampikisano kalikonse ka ku Spain, France ndi Italy. Kwa ife zimenezo ndi chakudya.

Mlamu wa ku Leeds: Mlembi, inu ndi amene mumaika mitengo, ndiye mwawaika pa 2 dala n'kuwagula nokha?

Mlembi: Tebulo linali poyera kuyambira Khirisimasi alamu kkk. Ulissi wakhala akupambana kamodzi kapena kuposa chaka chilichonse kuyambira 2010, zimenezo si ine ndinabisa.

Che Kabaza: Ku Astana komweko kuli Henok Mulubrhan. Tour du Rwanda ikuyamba pa 23 Febuluwale, anapambanako mu 2023. Mlembi, Rwanda tikuwerengera?

Mlembi: Pa malamulo tinati mipikisano ya WorldTour, ya ProSeries yotsatira pamenepo, ndi ya gulu lachitatu la .1 ya ku Ulaya basi.

Che Kabaza: Ndiye AlUla mwalowetsa bwanji, Saudi Arabia ili ku Ulaya? Chaka chomwe mpikisano wa dziko lonse ukubwera ku Kigali mu Seputembala, koyamba mu Africa muno, ife a Malawi tiziwerengera kampikisano ka m'mudzi wa ku Belgium n'kusiya Rwanda?

Mayi a Tadala: Apa Che Kabaza alankhula. Ilowe.

Gogo Chitunda: Ilowe, koma kuyambira chaka chamawa. Malamulo sasinthidwa mpira uli m'bwalo, makamaka ndi munthu amene Henok ali naye kale m'timu.

Che Kabaza: Agogo mumafufuza ngati apolisi.

Mlembi: Tiponya voti, itseka Lachisanu madzulo. Ikadutsa, aliyense ali ndi mpata womugula Henok isanafike 16, ndiye palibe woberedwa. Ali pa 2.

Mphwanu wa ku Joni: Pa ana ang'onoang'ono ine ndaika Paul Magnier wa Soudal Quick-Step. Zaka 20, chaka chatha anapambana mpikisano wake woyamba weniweni ku Mallorca, kenako zigawo zitatu ku Tour of Britain. Alaphilippe wapita ku Tudor, Asgreen wapita ku EF, Remco ali pabedi. Pa Omloop pa 1 Malichi timu imeneyo idalira ndani?

Gogo Chitunda: Kusankha kwabwino kumeneko mphwanga. Chenjera chabe, Omloop ndi makilomita 200 okhala ndi Muur ndi Bosberg kumapeto, Flanders ndi 270. Ana a zaka 20 amatha ola lachisanu, lachisanu ndi chimodzi ndi limene limawapha. Yembekezera pointi zake Malichi asanathe, Epulo usamuwerengere.

Mayi a Tadala: Ndisanaiwale. Mlembi, chaka chatha munalonjeza masewera a amayi. Tour yawo inatha ndi masekondi anayi pa Alpe d'Huez pakati pa Niewiadoma ndi Vollering, pano Vollering wapita ku FDJ-Suez, Van der Breggen wabwerera, Ferrand-Prévot wasiya za m'mapiri wabwera pamsewu, ndipo tili ndi Kim Le Court wa ku Mauritius amene anapambana chigawo cha Giro. Nyengo yokoma chonchi tingoionera opanda timu?

Mlembi: Mayi, tebulo limodzi lomweli limandidyera Lamulungu lonse. Mukavomera kulowetsa mapointi inuyo, mitengo ndikonza usiku uno.

Mayi a Tadala: Ndavomera, bola magetsi.

Che Kabaza: Chabwino, ndaganiza. Welsford atuluke. Merlier ali pa zingati?

Mlembi: 9. Welsford munamugula pa 4, ndipo m'thumba mwatsala 1. Sizikukwana.

Che Kabaza: Nanga ndikachotsanso Hirschi?

Mlamu wa ku Leeds: Hirschi wapambana kale ku Valencia mpikisano wake woyamba ndi Tudor, ndipo Amstel ndi Flèche zikubwera. Mukufuna kugulitsa mbuzi ya bere. Chotsani Biniam, ndalama zikwana mpaka chenji.

Che Kabaza: Alamu, ndanena kale. Mlembi, ndipatseni mndandanda wa masprinta a 5 kutsika pansi, ndionepo ndikatsitsa pasinjala uyu.